Duwa nalonso lili ndi kwawo

Kumapeto kwa Ogasiti, ukakwera kombi kuchokera m'tauni ya Harare kulowera ku Mabvuku pa msewu wa Mutare, umadutsa pa Msasa udzu utauma gwa, fumbi lili koboo, mvula ikadali kutali. Kumeneko ndi kwa mafakitale, magalaja ndi nyumba zosungira katundu. Koma ukafika chakufupi ndi damu la Cleveland, maso amakumana ndi chinthu chimene mlendo amachiyesa matenda a mitengo: nkhalango yonse yafiira psuu, pena ngati magazi, pena ngati chiwindi, pena ngati uchi. Si matenda ayi, ndipo si masamba okalamba ofuna kuyoyoka. Ndi masamba anthete a mtengo wa msasa, umene unapatsa dera lonseli dzina lake. Amaphuka ofiira, ndipo pakapita masabata angapo amasanduka obiriwira. Mtengowu ndi m'bale wake wa mombo, uja timasendako luzi ku Malawi.

Palibe amene amauthirira msasa, koma umavala bwino koposa m'mwezi umene maluwa a pakhomo pathu amakhala ali lende. Chifukwa chake n'choti uli kwawo. Muzu wake unapita pansi kwambiri, ndipo nyengo za kuno umazidziwa. Pafupifupi china chilichonse chimene timadzala kukhonde kuti chikongoletse pakhomo ndi mlendo wochokera kunja, monga ku Brazil, Mexico, Madagascar kapena ku South Africa, ndipo amene akufuna kuchisamala ayenera kuyamba wafunsa funso limene timafunsa mlendo aliyense akakhala pamphasa.

Funsoli ndinalimva kwa agogo anga aamuna. Anthu ogwira ntchito ku Msasa ambiri amagona ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Epworth, ndipo ambiri mwa ife makolo athu anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Agogo anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo anatchona. Ntchito yawo inali ya m'maluwa, m'mayadi akuluakulu a ku Highlands ndi Greendale. Ankawatchula kuti gadeniboyi mpaka imvi zitati mbuu, dzina limene limandiwawabe, chifukwa luso limene anali nalo linali la mmisiri weniweni. Mipanda ya hibiscus ndi mitengo ya frangipani imene ili m'makomboni athu lero, yambiri inafika ngati timitengo todulidwa, tokulungidwa m'nyuzipepala yonyowa, panjinga za madala ngati amenewa poweruka Loweruka.

Ndili wamng'ono ndinapatsidwa kachomera ka masamba onenepa, ndipo ndinakaika m'chitini chopanda chiboo, n'kumakathirira m'mawa ndi madzulo. Patatha masabata awiri kanagwa chagada. Agogo anakazula, nakanunkhiza kutsinde, nafinya tsamba limodzi pakati pa zala mpaka madzi anatuluka.

"Mdzukulu wanga, unamufunsa kuti kwawo n'kuti ameneyu?"

"Ayi, agogo."

"Taona tsamba lakeli. Amayenda ndi chigubu chakechake. Kwawo n'kumiyala, iwe wamugoneka m'dambo."

Zimene ndaphunzira kuyambira tsiku limenelo zangokhala zowonjezera pa mawu amenewo.

Kuzindikira chomera kumayamba ndi mfunda wake. Monga mmene munthu akati ndine Phiri kapena Banda umadziwiratu achibale ake, zomera nazo zili ndi mafuko, ndipo mwayi wathu ndi woti mafuko ambiri a maluwa ali ndi wachibale m'munda kapena m'mphika mwathu. Yang'anitsitsani duwa la hibiscus, ndi kamtengo kake kotuluka pakati konyamula ufa wachikasu. Mukapita padimba mudzapeza duwa lomwelo, laling'ono chabe, pa therere, pa chidede ndi pa thonje. Ndi fuko limodzi, n'chifukwa chake nsabwe zokonda thonje zimakondanso hibiscus. Chitsamba cha makutu a njovu chija, cha masamba aakulu ngati lichero, ndi m'bale wa koko. Chimafuna chinyontho ndi mthunzi ngati kokoyo, ndipo chimayabwa kukhosi chikatafunidwa. Marigold, zinnia, dahlia ndi cosmos amene amadzaza m'mbali mwa misewu mu Malichi ndi Epulo ndi a kwa mpendadzuwa, pamodzi ndi deliya ndi chisoso chimene timadya: onse amafuna dzuwa la tsiku lonse, ndipo njere zawo ukaumitsa zimamera mosavuta. Petunia ndi wa kwa fodya ndi matimati. Choncho pamene matimati anafota, mizu yake itatupa timibulu, petunia sadzachitanso bwino, chifukwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene tinatupitsa mizuyo tikadali m'dothimo. Pamenepo dzalanipo marigold nyengo yathunthu, amachepetsa tinyongolotsito.

Pali zinthu zingapo zimene agogo ankachita asanatchule dzina la chomera chilichonse. Ankathyola kansonga kuti aone ngati kakutuluka utomoni woyera. Ukatuluka, ankasamba m'manja asanagwire kumaso, chifukwa poinsettia ndi kachitsamba kaminga kaja ka timaluwa tofiira kochokera ku Madagascar ndi abale a nkhadze, ndipo amene anakulira pafupi ndi mpanda wa nkhadze amadziwa zimene utomoni wake umachita m'diso. Frangipani nayenso ali ndi mkaka wotere ngakhale ndi wa fuko lina. Ankaonanso mmene masamba akhalira pa nthambi, kaya awiriawiri moyang'anana kaya mosinthana. Ankatikita tsamba n'kulinunkhiza. Ankafuna chipatso kapena chikhokhombe cha njere pansi pa mtengo: ngati chili ngati cha nyemba, ndiye kuti mtengowo ndi wa kwa nandolo, monga alili msasa ndi flamboyant. Tsamba lonenepa, lotuwa, laubweya kapena laling'ono kwambiri limanena kuti mwini wake amapirira dzuwa ndi ludzu. Tsamba lalikulu, lopyapyala ndi lobiriwira kwambiri limanena kuti kwawo ndi pansi pa mitengo ya m'nkhalango yamvula.

Masiku ano achinyamata amajambula duwa pafoni, ndipo PlantNet kapena Google Lens imawauza dzina. Ine sinditsutsa zimenezi, ndimazigwiritsanso ntchito, ndipo pa maluwa obwera odziwika dziko lonse zimalondola kawirikawiri. Pa zomera zachilengedwe za kuno m'pamene zimasokera, makamaka ukajambula tsamba lokha. Pamenepo ndi bwino kutsegula Flora of Zimbabwe pa intaneti, ntchito imene anayambitsa a Mark Hyde ndi a Bart Wursten, yomwe ili ndi inzake ya zomera za ku Malawi. Amene akufuna yankho lomaliza apite ku National Herbarium, m'kati mwa National Botanic Garden ku Alexandra Park, kumene amasunga zitsanzo zouma za zomera zikwi mazanamazana. Tengani nthambi yokhala ndi masamba, duwa ndi chipatso ngati chilipo, muiyale pakati pa nyuzipepala, mutsindire ndi njerwa. Pafupi ndi ife pomwe pano pali Mukuvisi Woodlands, nkhalango ya misasa imene inasiyidwa pakati pa mzinda, ndipo kuyendamo m'mawa umodzi kumaphunzitsa mitengo ya kuno kuposa buku.

Ukadziwa kwawo, kasamalidwe kamabwera kokha. Tengani bougainvillea, amene amakwera mipanda ya dyurawo m'Harare monse. Azungu anamupeza ku Brazil m'zaka za m'ma 1760, pa ulendo wa panyanja wa Louis Antoine de Bougainville, ndipo dzina linachokera pamenepo. Zofiirira zimene timaziyesa maluwa ndi masamba osanduka mtundu. Duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera kobisala pakati. Iye amaonetsa mtundu wake akamva ludzu ndi dzuwa. Ukamuthirira kwambiri ndi kumuthira fetereza, amakupatsa masamba obiriwira ndi minga yaitali basi. Akagwira, chaka choyamba chikatha, musiyeni. Poinsettia kwawo ndi ku Mexico, ndipo amafiira usiku ukatalika. N'chifukwa chake ku Ulaya ndi duwa la Khirisimasi, koma kuno amafiira kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mayi wina wa mumsewu wathu anadandaula zaka ziwiri kuti wake sakufiira, kufikira tinazindikira kuti getsi la sola limene anaika pakhonde poopa akuba limamuwalira usiku wonse. Atasuntha getsilo, chaka chotsatira mtengo unayaka. Poinsettia akamaliza kufiira, mu Ogasiti kapena Seputembala, amadulidwa mpaka m'chiuno kuti aphukire nthambi zambiri, chifukwa nsonga iliyonse yatsopano idzanyamula mutu wake wofiira.

Tsopano nkhani ya madzi, imene kwa ife ndiye mwini nkhani. Madzi ambiri a mzinda wa Harare amayeretsedwa ku Morton Jaffray, pafupi ndi nyanja ya Chivero, kumadzulo. Ife tili kum'mawa, kumtunda, kumathero kwa mapaipi. M'madera ena a Mabvuku ndi Tafara mipopi yakhala youma kwa zaka, ndipo ana ena akula osaonapo madzi akutuluka pampopi wa pakhomo pawo. Amayi amadzuka mbandakucha kukaima pamzere pamjigo ndi zigubu za malita 20. Amene anaona kolera ya 2008 sachita chibwana ndi madzi. Choncho munthu akafunsa kuti kodi n'chilungamo kuthirira duwa ndi madzi amene mwana wasenza pamutu, funsolo ndi loona ndipo siliyenera kuyankhidwa mopepuka. Yankho langa ndi lakuti madzi a kumjigo ndi a anthu, koma madzi amene anthu amaliza nawo ntchito ndi a maluwa, ndipo pakhomo pa anthu asanu madzi oterewa amakwana kusunga mpanda ndi zitsamba zingapo chilimwe chonse.

Si onse amene ali abwino. Otsukira mpunga, ndiwo zamasamba ndi mbatata ndi abwino kwambiri. Osambira ndi otsukuluzira zovala komaliza amathiridwa pansi pa hibiscus, bougainvillea, canna ndi mitengo. Amene muli mankhwala oyeretsera zovala, mchere wambiri, mafuta a m'mapoto kapena ochapira matewera, amenewo ayi. Musawasunge kupitirira tsiku limodzi, amanunkha ndi kuswa tizilombo. Musawathire pamasamba, kapena pa ndiwo zodya zosaphika, ndipo musawathire m'zitini, chifukwa m'chitini sopo alibe kothawira, amaunjikana mpaka mizu kupsa. Muzisinthasintha pothira. Mvula ikabwera imatsuka zotsalazo.

Kathiridwe kake nakonso kali ndi nzeru. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku lililonse kumaphunzitsa mizu kukhala pamwamba, pamene dzuwa la Okutobala limaiotcha. Ndowa imodzi yathunthu kamodzi pa sabata, yothiridwa pang'onopang'ono m'kabeseni kokumbidwa mozungulira tsinde, imakokera mizu pansi. Musanathire, lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Ngati chatuluka chozizira ndi tidothi tomata, dikirani. Ena amakwirira botolo la malita 2 loboola timabowo m'mbali mwa chitsamba, kukamwa kuli kunja, n'kumathira m'menemo kuti madzi afike kumizu osauluka. Koma chachikulu kuposa zonse ndi kuphimbira. Ife tinaleredwa kuti bwalo la munthu waukhondo limasesedwa mpaka kuwala, ndipo tsamba lililonse limapita kudzala kukatenthedwa. Sesani pabwalo ndithu, koma zinyalala za masambazo, mapesi oduladula ndi udzu wouma muziyale pansi pa maluwa mochindikala ngati chikhatho, mosiya kampata kuzungulira tsinde kuti chiswe ndi kuola zisafikepo. Dothi lophimbiridwa limasunga chinyontho masiku ambiri kuposa lamaliseche.

Ndipo sankhani alendo amene kwawo kuli ngati kuno. Kapinga wobiriwira chaka chonse ndi wa anthu a chitsime chawochawo cha injini. Ife atipweteka mtima chabe. Zimene zimapirira ndi bougainvillea, frangipani, geranium, agapanthus, lilime la apongozi lija la masamba oima ngati malupanga, ndi golden shower wa ku Brazil amene amagwetsa maluwa a mtundu wa lalanje pampanda m'miyezi yozizira. Koposa onsewa ndi gavakava, monga amamutchulira anzathu a Chishona, abale a alovera amene ambiri tikumudziwa. Zimbabwe ili ndi mitundu yake yambiri, kuyambira ing'onoing'ono ya m'ming'alu ya miyala mpaka Aloe excelsa wotalika kuposa denga la nyumba. Amachita maluwa mu Juni ndi Julayi, nthawi imene zomera zambiri zagona, ndipo timbalame ta milomo yaitali timabwera kudzamwa timadzi take. Amene akufuna kuona zimenezi apite ku Ewanrigg, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu mzinda pa msewu wa Shamva. Munda umenewu anauyamba ndi mlimi wina, Harold Basil Christian, amene anamwalira mu 1950 atausiyira dziko, ndipo mtundu wina wa gavakava, Aloe christianii, umatchedwa ndi dzina lake. Ndinapitako kamodzi mu Julayi, ndipo phiri lonse linali ngati layatsidwa makandulo.

Dothi la kum'mawa kuno, m'malo ambiri, ndi mchenga wochokera ku miyala ya nsangalabwi, miyala yomweyo yosanjikizana ya ku Epworth imene inajambulidwa pa ndalama za dziko lino. Si katondo wofiira wa kumpoto kwa mzinda kumene agogo ankagwira ntchito. Mchenga sugwira madzi kapena chakudya, ndipo mankhwala ake ndi manyowa basi. Dzenje la chitsamba likhale lofika m'bondo, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mizu. Ziyambe zagona padzala miyezi iwiri kapena itatu. Fetereza wa Compound D, wa 7:14:7, amene timagulira chimanga, amathandizanso maluwa podzala, kadzanja kamodzi kosakanizidwa bwino ndi dothi, osati kounjika patsinde. Mchere wa fosifeti wolimbitsa mizu wakhala ukupangidwa pa Msasa pompano, kufakitale ya ZimPhos, kuchokera ku miyala ya ku Dorowa. Koma fetereza wa AN wobereketsa chimanga musamukonde pa maluwa: amachulukitsa masamba ofewa amene nsabwe zimathamangira. Dothi lakuda la m'dambo limene ena amagulitsa pangolo limaoneka lachonde, koma m'chitini limauma ngati njerwa, ndipo kulikumba kumawononga madambo amene amasunga madzi a mijigo yathu yomwe.

Masamba akayamba chikasu, musathamangire kugula mankhwala. Ngati ndi akunsi, akale, ndipo dothi lili chinyontho nthawi zonse, mwachulutsa madzi. Ngati ndi akunsi koma dothi lili bwino, ndi njala, thirani manyowa. Ngati ndi a kunsonga, achikasu koma mitsempha yake ikadali yobiriwira, ndiye kuti dothi lachuluka laimu ndipo chomera chikulephera kuyamwa ayironi. Izi zimachitika pafupi ndi maziko a nyumba pamene panatayidwa simenti, kapena pamene timataya phulusa tsiku ndi tsiku. Phulusa pang'ono ndi labwino, lochuluka limatseka chakudya. Gardenia ndi chitsamba chija maluwa ake amayamba ofiirira n'kumayera tsiku ndi tsiku ndiwo amayamba kudandaula. Ndipo kuno fumbi limakhala pamasamba ngati ufa miyezi isanu. Kuwatsuka ndi madzi oyera kamodzi pakanthawi kumawathandiza kupuma, komanso kumathamangitsa akangaude ofiira amene amakonda pouma.

Chaka cha wamaluwa chili ndi nthawi zake. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimatsikira kumadambo usiku n'kuwaula masamba. Amene nyumba zawo zili kumunsi aphimbe zomera zanthete ndi udzu kapena masaka madzulo, n'kuvundukula dzuwa likatuluka. Nthambi zowauka musazidule msanga, zimateteza zam'kati mpaka chisanu chitatha. Marozi amadulidwa chakumapeto kwa Julayi: kuchotsa zouma, zopyapyala ndi zopingasana, n'kusiya nthambi zitatu kapena zinayi zamphamvu zofika m'bondo, podula pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Mitengo ndi zitsamba zimadzalidwa mvula ikakhazikika, ndipo tsiku lodzala mitengo la dziko lino limakhala Loweruka loyamba la Disembala.

Kuchulukitsa maluwa sikufuna ndalama, ndipo apa m'pamene ndimakumbukira manja a agogo. Ankasankha nthambi ya hibiscus yonenepa ngati pensulo, yosakhwimitsa komanso yosafewa, naidula masentimita 15 kapena 20, mpeni ukudutsa pansi penipeni pa mfundo. Ankapulula masamba onse kusiya awiri akumwamba, ndipo awiriwo ankawadula pakati kuti asataye madzi. Kenaka ankaboola mchenga wonyowa ndi kamtengo, osati kubaya ndi nthambiyo, nailowetsa theka, natsindira ndi zala ziwiri. Chitini chinkakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ankatiletsa kuzula kuti tione ngati mizu yatuluka. Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kansonga katsopano kankanena kokha. Frangipani ndi geranium ndi osiyana: ukadula, usiye pamthunzi bala liume, geranium tsiku limodzi, frangipani sabata kapena awiri, apo ayi amaola. Agapanthus, canna ndi lilime la apongozi amangogawidwa ndi khasu. Pogula mbande kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, tembenuzani chubu chakudacho: ngati mizu yaboola n'kulowa pansi, kapena yazungulirazungulira m'kati ngati nkhata, sankhani ina yaing'ono. Suzumiraninso kunsi kwa masamba kuti musagule tizilombo pamodzi ndi duwa.

Za tizilombo sindinena zambiri. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa chitsamba, dziwani kuti kumwamba kuli nsabwe kapena tizilombo toyera ngati kodikodi wa chinangwa, chifukwa nyerere zimaweta timeneti pofuna timadzi totsekemera. Kasupuni ka sopo wa mbale m'lita imodzi ya madzi, kupopera madzulo kunsi kwa masamba masiku angapo motsatana, kumathetsa zambiri. Madzi onyikamo masamba a nimu kapena ombwe amathandizanso. Nkhono zimatoledwa ndi manja usiku. Mankhwala a m'mabotolo opanda chizindikiro amene amagulitsidwa pamsika, pabwalo laling'ono losewerapo ana ndi nkhuku, ine sindiwalola.

Ana omwewo ndiwo amandichititsa kunena za ululu. Oleander, chitsamba cha masamba aatali ngati mipeni ndi maluwa apinki kapena oyera, chimapirira chilala kwambiri, koma chili ndi poizoni woimitsa mtima kuyambira kumuzu mpaka kuduwa. Nkhuni zake musawotchere nyama kapena chimanga. Dieffenbachia wa m'nyumba, wa masamba a mawangamawanga, amatupitsa lilime ndi kukhosi mwana akamutafuna. Tizipatso tachikasu ta duranta, amene aliyense akupangira mpanda masiku ano, ndi ta indya si takudya. Ndipo pali duwa la dziko lino, flame lily, limene a Chishona amalitcha kajongwe chifukwa likunga lipombo la tambala. Mudzalidziwa ndi nsonga za masamba ake zimene zimapota ngati kachingwe kogwirira pokwera, ndi maluwa ofiira a m'mbali mwachikasu opindikira kumwamba ngati malawi, mu Disembala ndi Januwale. Mu 1947 ana a sukulu a dziko lino, lidakali Southern Rhodesia, anasonkha ndalama zopangira Elizabeth, asanakhale mfumukazi, chokongoletsera cha dayamondi cha maonekedwe a duwali. Pansi pake pali kachinangwa kopindika, ndipo kameneka kapha anthu amene anakayesa chilazi. Nyengo yozizira duwali limauma n'kusowa, choncho ikanipo kamtengo kuti musalikumbe polima. Lamulo la Parks and Wild Life Act limaliteteza pamodzi ndi Sabi star, ma cycad ndi mitundu yambiri ya gavakava. Kuzikumba kutchire kapena kuzigulitsa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo amene amagula mitolo ya kajongwe pamsewu mu Disembala akuthandiza kumaliza duwali m'madambo ozungulira mzinda.

Alendo ena anafika ngati maluwa n'kulanda dziko. Lantana, wa timaluwa tosakaniza pinki ndi chikasu ndi tsamba lonunkha mwaukali, anabwera ngati mpanda wokongola kuchokera ku America. Mbalame zinamwaza njere zake, ndipo lero watseka mabusa ndi magombe a mitsinje, amadwalitsa ng'ombe, ndipo malamulo a dziko lino amamuika pa zomera zoyenera kuzulidwa. A ku Malawi amadziwa namasupuni amene amavutitsa pa mtsinje wa Shire. Nayenso anabwera kuchokera ku South America chifukwa cha duwa lake lofiirira, loikidwa m'timaiwe ta m'mayadi. M'zaka za m'ma 1930 anali ataoneka kale mu mtsinje wa Mukuvisi, womwewu umene umayambira ku Cleveland kuno, ndipo wakhala akuphimba mbali za nyanja ya Chivero imene mzinda umamwa. Choncho zodulidwa za m'munda musakataye kudambo kapena mumtsinje. Jacaranda amene amaphimba msewu wa Leopold Takawira ndi maluwa ofiirira mu Okutobala, ndi flamboyant wa ku Madagascar amene amayatsa msewu wa Blakiston pambuyo pake, ndi mitengo ya m'misewu yotakata. Pa sitandi yathu yaing'ono mizu yake imang'amba maziko ndi kulowa m'mapaipi a zonyansa, ndipo kudzaidula ikakula kumafuna ndalama zambiri kuposa zonse zimene munawononga pa maluwa.

Msasa weniweniwo anthu ambiri amalakalaka atakhala nawo pakhomo, koma sulola kusamutsidwa. Ukaukumba kutchire umafa, chifukwa muzu wake wapakati waduka, ndiponso umakhala pa ubale ndi bowa wa m'dothi amene amakuta mizu yake n'kumaudyetsa, bowa yemweyo amene timazula pansi pa misasa mvula ikagwa. Njira yake ndi njere. Dzuwa likatentha, zikhokhombe zake zimaphulika kuti thwaa, n'kuponya njere zaphwatalala patali. Zitoleni zatsopano, muzidzale mvula yoyamba pamalo pomwe mtengowo udzakhale mpaka kalekale, kutali ndi khoma, ndipo m'dzenjemo muikemo kadothi kochepa ka pansi pa msasa waukulu. Zimamera m'masiku ochepa. Kenaka kamtengoko kamaoneka ngati kaima, ndipo zaka zina kamauma kumwamba m'chilimwe n'kuphukanso, pamene pansi muzu ukupita. Wanga ndinaudzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi gavakava amene agogo anasiya. Papita zaka zisanu ndipo wangofika m'chiuno. Ogasiti wathayu unatulutsa masamba ofiira okwana kudzaza manja awiri, ndipo mwana wanga wamkazi anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti mtengo wapsa.